Chitsulo Chosapindika cha a Thomson

A Thomson ndi owotcherera zitsulo pa Chiringa. Shedi yawo ili kuseri kwa chigayo, ndipo benchi imene ine ndimagulitsirapo mazira ndi chinangwa chophika inayang'anizana ndi khomo lawo. Ndakhala ndikuwaona akugwira ntchito kwa zaka zambiri. Sindinganene kuti ndimacheza nawo, ine pakamwa panga mpolemera. Amene ankacheza nawo ndi amuna anga, malemu a Davison. Anakulira limodzi ku Nkhulambe, anavinidwanso limodzi. Nchifukwa chake a Thomson amanditcha alamu ngakhale palibe chibale.

Bambo awo ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango. A Thomson ali mwana ankaona alimi akubwera ndi makaliyala opindika chifukwa cha matumba a nandolo, bambo awo nkuwongola ndi mwala, sabata yamawa munthu yemweyo nkubweranso. Akuti zimenezi zinkawanyansa. Atakula anapita ku Limbe kukaphunzira kuwotcherera, ndipo magetsi atafika kuno anabwerera. Chimene chinawatchukitsa ndi makaliyala omwewo. Ankawapanga ndi zitsulo zomangira nyumba, zonenepa ngati chala chachikulu. Kaliyala wa a Thomson mungamusenzetse matumba atatu osamva kanthu. Njinga imathyoka masipoko, mkombero nkupindika, nthawi zina felemu yeniyeniyo nkusweka, koma kaliyala ali chilili. Mwini wake amangomumasula nkumumangirira pa njinga ina. Anthu amati ntchito ndi imeneyo.

Maso awo anawonongeka kalekale. Amawotcherera atavala magalasi a dzuwa ogula pamsika, ndiye maso amakhala ofiira, misozi ili chuchuchu ngakhale akuseka. M'mawa wina mumawapeza atagona chagada pa benchi ataika tizidutswa ta mbatata ya kachewere pazikope. Masiku ano chitsulo sachiona bwino, amachiwerenga ndi manja. Amachisisita ndi chikhatho, kuchigogoda ndi sipanala, khutu atapendeketsa. Akatero amakuuzani ngati chili ndi mng'alu, ndiponso chimene chinachipinda. Mawu awo ndi amodzi chaka ndi chaka: “Chopindika nchabodza.”

Amuna anga anali ndi pikapu yakale yoyera. Nyengo ya nandolo ankanyamula matumba a ogula, nthawi zina zonse ankanyamula anthu, odwala ndi maliro. Misewu ya kuno ndi ya mbuzi ndi njinga. Chaka china anagunda ng'ombe yaing'ono pa Mkhumba. Nyali zonse ziwiri zinasweka, rediyeta inaboka, galimoto inakhala pakhomo nyengo yonse ya nandolo kudikira zipangizo. A Davison ankangokhala pakhonde kuyang'ana magalimoto a anzawo akudutsa atadzaza. Itakonzedwa anapita nayo kwa a Thomson.

Ndinali pa benchi yanga tsiku limenelo ndipo ndinamva zonse.

“Achimwene,” anatero amuna anga, “ndiikireni chitsulo kutsogoloku, chonga chija amaika pa magalimoto a mabungwe.”

“Tija tonyezimira tija?” anayankha a Thomson. “Timene tija nta ukwati. Mbuzi yonenepa ikhoza kutipinda. Iwe ukufuna chitsulo kapena ndolo?”

Anapeza mapaipi a mjigo wina umene unakwiririka ndi miyala chaka cha namondwe. Anawadula, kuwapinda pamoto, nkuwawotcherera molunjika ku msana wa galimoto, umene iwo amati chasisi. Sanafune zomangira ndi mabawuti. Ankati bawuti ndi khomo lolowera ulesi. Atamaliza anapaka penti ya buluu yotsala pa zitseko za tchalitchi. Chitsulocho chinatulukira m'mbali monse muwiri, ndiye anthu anachitcha nyanga za Davison. Amuna anga ankalikonda dzinalo. Kuyambira pamenepo mbuzi zinkafa, nyali osasweka. Liwiro nalonso linawonjezekerako pang'ono. Ndinaona, koma sindinanene kanthu.

Ngozi inachitika m'mawa wa tsiku la msika, galimoto itadzaza nandolo. Pa kamlatho kena mayi wina wa pa njinga anapepeluka ndi thumba lake la chimanga nkulowa pakati pa msewu. A Davison anamuzemba, nakagunda chipilala cha simenti cha pamlathopo. Amene analipo akuti phokoso lake linamveka mpaka kudimba. Chipilala chinang'aluka pakati. Nyanga zija zinangokalika penti. Nyali ngakhale imodzi sinasweke. A Davison anatuluka okha, atagwira pachifuwa, nkuzungulira galimoto yawo. Anthu anaomba m'manja. Wina anakokera mayi wa njinga uja kutsogolo kuti aone chimene chikanamugunda, mayiyo anangokhala pansi mumsewu.

Galimoto inalira bwinobwino. Anakatsitsa nandolo, nabwera kunyumba masana. Anandiuza nkhaniyi akuseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Anati pachifuwa pakukoka. Ndinawathowa ndi madzi otentha. Ndinatchula za chipatala kamodzi, motsitsa mawu.

“Chipatala cha chiyani, make Aliness?” anatero. “Pita ukaone galimotoyo. Ngakhale nyali.”

Achimwene anga anabwera, anazungulira galimoto, nawonso anati ngozi yake njaing'ono. Abusa anadutsa, anayang'ana kutsogolo kwa galimoto, nathokoza Mulungu. Kuno ngozi timaiyeza poyang'ana galimoto. Ikafwafwanika timathamangira nawo anthu kuchipatala ngakhale akukana. Ikakhala yosalala timati apulumuka. Palibe amene anayang'ana munthu. Inenso, nditatuluka nkuona nyali zili zonse, mtima unakhala pansi.

Mawa lake masana anagwa akuchokera kubafa. Goodman, mwamuna wa mwana wathu Aliness, ndi amene anayendetsa pikapu yomweyo kupita nawo kuchipatala. Anamwalira dzuwa lisanalowe. A dokotala anandiitanira pambali nkundifunsa kuti galimoto yaphwanyika bwanji.

“Sinaphwanyike,” ndinatero.

 “Bola ikanaphwanyika, mayi. Kumaso kwa galimoto anakupanga kuti kuzifwafwanika, kuti mphamvu izithera komweko. Ikapanda kuthera kumeneko imafuna pena pothera. Anamanga lamba?”

Lamba anali atamudula kale, ankamangira lona pamwamba pa matumba. Ndinawauza choncho. Iwo anangogwedeza mutu nkunena kuti magazi ankatayikira m'kati kuyambira dzulo. Ine ndinaganiza za nkhata. Nkhata imaphwatalala kuti mutu usapweteke. Palibe mkazi amene angasenze ndowa ataika njerwa pamutu. Ndinaganiza zimenezo nditaima pakhonde la chipatala, ndipo sindinalire. Ndinkangoona kuti nsapato za a Davison ndazinyamula m'manja.

Thupi linabwera pa pikapu yomweyo. Nthambi zosonyeza maliro anazimangirira ku nyanga zija, poti ndi pamene panali pomangirira pabwino. Pa maliro azibambo ankachoka pamene akhala nkupita kukaigwira. Ndili m'nyumba ya siwa ndinkawamva kudzera pawindo.

“Iyi ndiye inagunda mlatho?”

“Yomweyi. Simenti mbwee, iyo ayi.”

“Ndiye munthuyu wafa ndi chiyani?”

“Tsiku lake linakwana basi. Galimoto yotere singaphe munthu.”

A Thomson ndi amene anawotcherera mtanda wa pamanda. Analira kwambiri, kuposa ine. Koma maso awo amatuluka misozi masiku onse, ndiye anthu sanadziwe.

Titameta, akuchimuna anagwirizana kuti galimoto ikhale ya Aliness, aziyendetsa ndi Goodman nandolo wa chaka chotsatira akayamba. Pakadali pano anakaiimika pa shedi ya a Thomson chifukwa pamenepo pali mlonda. Inaima kumaso kutaloza kumsewu, moyang'anizana ndi benchi yanga. Nditayambanso kugulitsa, ndinkaiona kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Sindikhulupirira kuti a Thomson anachita dala, koma galimotoyo inasanduka chikwangwani chawo. Madalaivala ankaima, kutsika, kumenya nyanga zija ndi chidendene. Anabwera a minibasi, anabwera a mapikapu a ku Migowi. Mapaipi akale anasowa m'dera lonse. Amene ankabwera kawirikawiri ndi a Mcdonald, oyendetsa matola, munthu wa phokoso.

“Mkulu wa zitsulo!” ankakuwa asanazimitse injini. “Zanga zija zili pati? Kapena mukudikira ndigunde kaye mlatho?”

“Iwe ndi kayendetsedwe kakoko sudzagunda mlatho,” ankayankha a Thomson. “Mlatho udzakuthawa.”

“Ndipatseni za Davison zomwezi. Izi nzoyesedwa kale.”

“Izi zili ndi mwini. Khala pamzere.”

Akatero onse ankatembenuka nkundiona, mawu nkutsika. “Pepani mayi.” Ine ndinkati palibe kanthu, nkuwagulitsa mazira.

Tsiku lina ndinapempha makiyi kuti ndikachotse katundu wa malemu m'galimoto. Munali chipewa, buku la nyimbo ndi botolo la thobwa louma. Ndikupukuta fumbi ndinaona chiwongolero. Chakumunsi kwake chinali chitapindikira m'kati, ngati mbale ya chitsulo imene yapondedwa. Goodman anayendetsa galimotoyi kupita kuchipatala ndi pobwera ndi maliro, koma masiku amenewo ndani akanaona. Ndinachigwira, kenako ndinatseka chitseko nkubwerera ku mazira anga.

Aliness anali ndi pakati. Nandolo anali atayamba kuuma m'minda. Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, kuti chitsulocho chichoke Goodman asanayambe kuyenda nayo galimoto. Koma mkamwini sulankhula naye maso ndi maso. Tikakumana panjira iye amapatukira uko, ine uku, moni timapatsana titafulatirana. Ndiye ndinauza Aliness, Aliness anauza mwamuna wake, yankho linabwera njira yomweyo.

“Akuti amva, amayi. Koma akuti anaika ndi bambo, iwo kuchotsa kukhala ngati kunyoza malemu. Akutinso anthu onse akuti chimene chinapulumutsa galimoto ndi chomwecho.”

“Nanga lamba?”

“Lamba akuti agula. Koma chitsulocho akuti pokhapokha a Thomson atanena okha. Ndi amene amadziwa zitsulo.”

Motero nkhani yonse inatsalira kwa a Thomson. Ndinkawoloka msewu nditakonza mawu, nkukafika pakhomo la shedi, iwo nkukweza magalasi awo. “Alamu, kwagwanji?” Ine nkunena kuti ndimafuna kubwereka mpando, kapena kufunsa ngati magetsi abwera. Ndikanawauza bwanji munthu amene anawotcherera mtanda wa mnzake akulira? Mawu a dokotala aja m'kamwa mwanga akanamveka ngati mlandu. Komanso ndinkadziwa yankho lawo. Akanati dokotala amadziwa nyama, chitsulo amadziwa ndi iwo.

Aliness anabwera m'mawa wina kudzandiuza kuti ogula nandolo afika, Goodman adzatenga galimoto mawa. Tsiku limenelo magetsi anali atazima, shedi inali zii. A Thomson anakhala pa chitini akudya chinangwa chimene anagula kwa ine. Ndinawoloka.

“Alamu,” ndinatero, “munakwerapo galimoto iyi?”

Anaseka. “Ine? Kumbuyo ndi matumba, kangapo. Ntchito yanga njakunsi ndi kutsogolo. M'katimo ndi mwa mabwana.”

“Talowani mukhale pampando wa anzanu.”

“Kuti nditani? Kuyendetsa sinditha.”

“Mungokhalapo.”

Anandiyang'ana ndi maso ofiira aja. Mwina anaganiza kuti ndi zina za chisoni cha akazi amasiye zimene munthu sufunsa. Anapukuta manja pa ovolosi nkulowa. Anakhala mowongoka ngati mlendo m'nyumba ya eni. Kenako, poti manja awo sakhala chete, anagwira chiwongolero.

Anayamba kumwamba, manja onse awiri akutsika m'mbali. Atafika kumunsi anaima. Anabwereranso kumwamba nkutsikanso pang'onopang'ono. Anawerama, nalowetsa dzanja kunsi kumene chiwongolero chimalumikizana ndi mtengo wake, napapasa pamenepo nthawi yaitali. Anatulutsa sipanala m'thumba, kugogoda, kumvetsera. Kenako anagwira mbali yopindikayo ndi manja awiri, anaponda pansi mwamphamvu, nakoka kuti aiwongole. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Sichinasunthe.

“M'kati mwa ichi muli chitsulo,” anatero, osayang'ana ine. “Ichi kuti ndichipinde chonchi ndiyenera kuchimanga pa vayisi, chopanira zitsulo chija, nkumenya ndi hamala yaikulu ija.”

Anatembenukira kwa ine.

“Chinapinda ichi nchiyani, alamu?”

Ndinaika dzanja pachifuwa panga. Sindikudziwa ngati anaona, koma sanafunsenso. Anakhala m'menemo manja ali pamiyendo. Kuchigayo azimayi ankadikira magetsi, wina akuseka nkhani ya mbuzi yake. Patapita nthawi anatuluka, napita kutsogolo, nasisita nyanga zija kuchokera mbali ina kufika mbali ina, monga amachitira ndi ntchito ya munthu wina. Anagwada nkupapasa pamene anawotcherera ku chasisi.

“Palibe ngakhale mng'alu,” anatero. Mawu ake ndi omwe aja ankauza madalaivala, koma anawanena motsitsa.

Magetsi anabwera masana. Chigayo chinayamba kulira, ndipo nthawi yomweyo ndinamva chodulira zitsulo chawo. Anagona kunsi kwa galimoto mpaka dzuwa kupendeka. Ntchito yawo yomwe inawavuta kudula, mpeni wa chodulira unatha nkuika wina. Nyanga zitagwa pansi anazikoka okha nkuziyedzamiritsa kukhoma la shedi. Kumaso kwa galimoto kunaoneka kwamaliseche, ngati munthu amene wavula magalasi.

Goodman atabwera m'mawa anaima nkumayang'ana. Ine ndinali pa benchi nditafulatira, koma ndinkamva.

“Bambo, nanga mbuzi?”

“Mbuzi uziziimira,” anatero a Thomson. “Ukaswa nyali ubwere, ndikudziwa kogula. M'galimotomu mulibe lamba, wagula?”

“Ndagula.”

“Bwera naye ndimange ine. Ukadzamudula kuti umangire lona, ndidzakudula makutu.”

Goodman anaseka pang'ono, nanyamuka. Anadutsa pa benchi yanga pang'onopang'ono, nkhope atayang'ana kumbali mwaulemu. Chimene ndinkafuna chinachitika. Ndinayembekeza kuti ndimva kupepuka, koma ndinangoona kuti chinangwa chatsala pang'ono kutha ndipo ndiyenera kuphika china.

Nyanga zija zinakhala kukhoma masabata angapo. A Mcdonald ankabwera nkumazisisita. Ndinamva a Thomson akuwauza za chiwongolero, mpaka kuwasonyeza ndi manja mmene chinapindikira.

“Davison sankamanga lamba,” anatero a Mcdonald. “Ine ndimamanga ndikaona apolisi. Inu simukufuna ndalama? Mukakana ndipita nazo kwa mnyamata wa ku Migowi, akamata ndi phala, zidzagwera mumsewu. Ndiye mudzati bola chiyani?”

A Thomson anabwerera ku ntchito yawo. Ali ndi ana kusukulu, ndipo makaliyala masiku ano sayenda malonda chifukwa anthu akugula njinga zamoto. M'mawa wina ndinapeza kukhoma kuja kuli mbee, pangotsala mzere wa buluu pa njerwa. Anabwera okha ku benchi yanga kudzagula dzira, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Analisenda nthawi yaitali.

“A Mcdonald ndinawauza, alamu,” anatero. “Ndamanga ndi mabawuti ulendo uno. Mwina mabawutiwo angathyoke.”

Ndinawapatsa mchere.

Akadali pomwepo a Thomson, kuseri kwa chigayo. Maso akunka naipira. Mawu awo aja akuti chopindika nchabodza sindinawamvenso, koma ena m'malo mwake sanapeze. Madalaivala akabwera amawauza kaye za mnzawo, kenako ambiri amawaikirabe nyanga.

Aliness anachira, mwana wamkazi. Tsiku la sikelo ndimamuperekeza, iye pa njinga mwana ali kumbuyo, ine pa yanga. Sabata yatha tikuyandikira msika ndinamva hutala kumbuyo. Nditacheuka ndinaona pikapu ya a Mcdonald ikubwera pakati pa njinga ndi anthu osenza mitolo, anthu atadzaza pamwamba, kutsogolo kuli penti ya buluu ya zitseko za tchalitchi, yokalika mbali ya kumanzere. Nyangazo zimafika m'chiuno mwa munthu wokwera njinga, pamene pamakhala mwana woberekedwa kumbuyo.

“Tsika,” ndinamuuza Aliness.

Tinatsika nkukokera njinga zathu mu ngalande. A Mcdonald anatulutsa dzanja pawindo kutipatsa moni. Tinadikira fumbi lithe, kenako tinakweranso.